Kodi 8/7c pa ndandanda ya TV ikutanthauza chani?

Nachisale92: Abale ndithandizeni, pulogalamu ina yaku America yomwe ndimaikonda analemba kuti ikuyamba Lamulungu 8/7c. Poyamba ndinkayesa ndi deti, 8 Julaye kkk. Kenako ndinakhala pa kompyuta Lamulungu 8 koloko madzulo kudikira live, osabwera kanthu, ndinangogona, kudzuka m'mawa anthu pa Facebook akukambirana kale mathero ake. Zimayenda bwanji izi?

Mjomba_Wa_Mpira: Asisi, America ndi dziko lalikulu ndiye nthawi zawo ndi zingapo. 8 uja ndi 8 madzulo ku New York, amati Eastern, ndipo 7c ndi 7 madzulo ku Chicago, c ndi Central. Pulogalamu ndi imodzi, imauluka nthawi imodzi, koma wotchi ya ku Chicago imatsalira ndi ola limodzi basi. Aku Los Angeles nthawi zambiri amawaonetsa patapita maola atatu kuti nawonso aonere 8 koloko yakwawo, nchifukwa chake sawalemba. Koma zikakhala za live ngati masewera mumaona 8 ET / 5 PT (ET ndi Eastern uja, PT ndi Pacific, nthawi ya ku Los Angeles), onse amaonera limodzi.

Chikondi_M: Chinakupusitsani ndi tsiku asisi, osati ola lokha. Ife tili pa CAT (Central Africa Time), patsogolo pa New York ndi maola 7, ndiye 8 madzulo Lamulungu kumeneko kuno ndi 3 koloko m'bandakucha wa Lolemba. Komanso pali kamsampha kena, iwo amasuntha wotchi kuyambira Lamulungu lachiwiri la Malichi mpaka loyamba la Novembala, nthawi imeneyo kusiyana kumakhala maola 6 ndiye ndi 2 koloko usiku, ife wotchi yathu siisuntha chaka chonse.

Mjomba_Wa_Mpira: Zoona zimenezo, mpira waku England ndi chimodzimodzi. Gemu ya 3 koloko kwawo imakhala 5 koloko kuno mu Disembala koma mu Epulo ndi 4, ine ndinafikapo hafu yoyamba itatha chifukwa cha zomwezi. Ndipo England amasintha Lamulungu lomaliza la Malichi, osati limodzi ndi America, zosokoneza heavy. Mukaona WAT (nthawi ya kumadzulo kwa Africa) onjezerani ola limodzi, EAT (ya kum'mawa kwa Africa) chotsani limodzi.

Nachisale92: Eee 3 koloko usiku?? Ayi ndidzingoonera kubwereza, bola ndisatsegule Facebook Lolemba m'mawa. Zikomo nonse.