Laputopu ikutchaja pokhapokha ukagwirizira chaja

Wa ku Chiputula: Akuluakulu mwaswera bwanji, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi Acer Aspire ya mtsikana wina wa pa Mzuni, ikutchaja pokhapokha ukapendeketsa mutu wa chaja n'kugwirizira, ukangosiya kalaiti kazima. Mwini wake amachita kutsamiritsa buku pa chingwe kuti alembe asayimenti, ndiye akuifuna mawa. Ndisinthe jaki, pobayapo chaja paja?

Wa ku Zolozolo: Sinthani basi aise, jaki yatha imeneyo. Ana asukuluwa amalembera pa bedi chingwe chili chikokere, chingalimbe n'chiyani

Mayi wa ku Katoto: Musanamasule kalikonse achimwene yambani mwayeza chajayo. Mita yoyezera magetsi ija muike pa DC, kawaya kofiira mkati mwa mutu wa chaja kakuda kunja, muone ngati ikubwera 19V, kenako muzipinda chingwe pafupi ndi mutu paja maso ali pa mita. Manambala akamathawa ndiye kuti waya waduka mkati, laputopu ilibe mlandu.

Wa ku Chiputula: Ndayeza mayi, 19V ikubwera bwinobwino, ndapinda uku ndi uku sikusuntha

Wa ku Zolozolo: Ndanena ine

Madala wa ku Luwinga: Dikirani kaye anyamata. Chaja imeneyo ndi yomwe inabwera ndi laputopu kapena anachita kugula? Yang'anani bowo la pa mutupo. Ma Acer ambiri a 65W amadya mutu wa 5.5 ndi 1.7mm, uja nthawi zambiri umakhala ndi kamlomo kachikasu, pomwe Toshiba ndi Asus zambiri ndi 5.5 ndi 2.5mm. Kunja n'chimodzimodzi ndiye umalowa osavuta, mphamvunso n'chimodzimodzi 19V 3.42A, wogulitsa akabaya laiti n'kuyaka kasitomala amalipira n'kumapita, koma mkati bowo lakula pini yachepa, ili ngati phazi la mwana mu nsapato ya bambo ake, imangokhudza ukaipendeketsa basi. Mungasinthe jaki lero sabata yamawa abweranso atakwiya.

Wa ku Chiputula: Eee madala mwalasa. Ndamuimbira, akuti yoyamba inapsa anagula ina pa msika, ndipo pa chajayo palembedwa Toshiba. Ndabwereka ya Acer kwa neba yalowa thina, ikutchaja osagwira. Koma ndawalitsa tochi mu jaki muja pini yada ndipo kapulasitiki kozungulira kachita ngati kasungunuka mbali imodzi

Madala wa ku Luwinga: Ndi zimenezo, pokhudzana pakachepa pamatentha komanso pamathetheka timoto nthawi iliyonse ikagwedezeka. Pukutani pini ndi sipiriti batire mutachotsa, muisiye itchaje ka theka la ola mukhudze mutuwo. Ukangofunda palibe vuto, ukamaotcha chala jakiyo ichoke ndithu isanawononge bodi yaikulu ya mkati mwa laputopu.

Mayi wa ku Katoto: Ndipo mukatsegula onani kaye ngati jaki ili pa kachingwe kake kapena ndi yowotcherera pa bodi, ma Aspire alipo a mitundu yonse iwiri. Ya kachingwe mwapulumuka, kuzula n'kubaya ina. Yowotcherera ija miyendo yake imayamwa moto, ka ayironi kowotcherera kakakhala kofooka mungokhalira kukanda mpaka kusupula njira za pa bodi. Komanso chonde guluu ayi, ndatopa kulandira malaputopu omata supagulu mu jaki, munthu umayamba ntchito yogoba usanayambe yokonza.

Wa ku Zolozolo: Chabwino ndagonja, koma pa Dell ndi HP musamanamizire mutu nthawi zonse. Kapini kapakati kaja kakapindika kapena kuthyoka Dell imayaka koma batire osatchaja, ku BIOS, ma setting a poyatsa aja, imalemba kuti chaja siikudziwika, ndipo poyeza mita musagunditse kapiniko ndi khoma la mkati muli 19.5V mmenemo

Wa ku Chiputula: Yewo chomene nonse. Ndayesa, mutu ukuotcha madala, ndatsegula ndapeza ndi ya kachingwe. Alipo ali nayo?

Madala wa ku Luwinga: Ndili ndi ma Aspire awiri akufa bodi pansi pa tebulo. Jambulani pulagi yake yolowa pa bodi munditumizire tione ngati mapini akufanana, zikatheka kwerani kabaza mudzatenge ndisanatseke 5 koloko. Mtsikanayo mumuuze agule chaja ya Acer, ya Toshiba ija musamubwezere, angabayenso.