Za ulusi woduka uja, ndabweranso

Mwezi wathawu ndinafunsa kuti nditani poti mikanda ya m'khosi imene ophunzira anga amapanga inkangoduka pa mfundo. Ambiri munati ndisiye ulusi wosokera, nditenge twaini ya mbedza, mfundoyo ndizimanga kawiri kenako n'kudonthezapo kaguluu. Ndayesa, zatheka ndithu. Zikomo kwambiri.

Koma sabata ino ndiye inali yothina. Lachiwiri kunabwera amayi ena kudzaoda mikanda ya m'chiuno ya mkwatibwi, yofiira, yoyera ndi yakuda, akuifuna Loweruka lisanafike poti kuli chilangizo. Masana omwewo ndinali ndi atsikana anayi ophunzira. Mmodzi anagwetsa mbale ya timikanda ting'onoting'ono tija, tinatolera chogwada mpaka dzuwa kupendeka, uku wina akugogoda pa kauntala kufuna ndolo. Pano aliyense ndimamuyalira kansalu pathebulo, mikanda sigubuduzikanso.

Chandisangalatsa kwambiri ndi mtsikana wina amene ankanjenjemera manja akagwira pulayala. Lachisanu wapanga ndolo zake zoyamba, waya atapinda bwinobwino, ndipo wazivala popita kwawo.

Mikanda yagalasi yobiriwira yandithera. Amene amandibweretsera kuchokera ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, afika sabata yamawa.