Zowonjezera pa funso la tinthu ta m'golosale topumitsa thupi ndi maganizo

Funso lija linali loti ndi tinthu titi totchipa topezeka m'magolosale a ku Chitakale, Limbuli kapena Luchenza tothandiza munthu kumasuka akaweruka. Mutayesa zomwe tinatchula poyankha koyamba, kuphatikizapo tiyi, ena mwati tiyi wamadzulo akukusowetsani tulo.

Vuto ndi caffeine, chinthu chogalamutsa thupi n'kuchotsa tulo. Masamba a tiyi ali nayo, ndipo imakhalitsa m'thupi maola angapo. Kapu yomaliza ikhale isanakwane 3 koloko masana. Usiku, m'malo mwa tiyi, wiritsani jinja, kachidutswa kotalika ngati theka la chala, m'makapu awiri a madzi kwa mphindi 10. Mapiritsi ena a mutu nawonso ali ndi caffeine, choncho werengani pa paketi.

Kwa oima tsiku lonse m'munda wa tiyi, beseni ndiye labwino koposa. Madzi ofunda ofika m'akakolo, mapazi akhalemo mphindi 15, pukutani bwino pakati pa zala, kenako tikitani ndi Vaseline kuyambira kuchidendene. Yesani madziwo ndi chigongono. Odwala shuga asamale kwambiri, chifukwa mapazi awo nthawi zina samva kutentha ndipo amapsa osazindikira.

Botolo la labala la madzi otentha limamasula khosi ndi msana m'nyengo ya chiperoni. Musathiremo madzi owira, amawononga labala. Lisadzaze, tulutsani mpweya musanatseke, ndipo likulungeni m'chitenje.

Nkhawa kapena kusowa tulo zikapitirira masabata awiri, chonde pitani kuchipatala mukaonane ndi adokotala.