Penti wofiira pa zimbudzi zathu za kumsika

Mlembi: Mwadzuka bwanji abale nonse. Chithunzi ndaponyachi ndajambula m'mawa uno pa zimbudzi tikumanga kumsika zija. Dzulo chakumadzulo kunafika wa khonsolo, uja amayendera za malamuloyu, wakhwatcha khoma ndi penti wofiira n'kusiya kalata. Akuti ntchito iyambe yaima. Zifukwa walemba ziwiri: tayamba kumanga popanda pulani yovomerezeka, komanso dzenje layandikana kwambiri ndi mjigo. Watipatsa masiku 21 kuti tikaonekere ku ofesi.

Mlamu wakunja: Aaa! Nanga simenti ndinatumiza ija?

Mmisiri: Matumba 9 akadalipo alamu. Koma mvula ikangoyamba agwira chinyezi, auma okha.

Atcheya akale: Ndinanena ine. Pa msonkhano wathawu ndinanena kuti kamnyamata kameneka katisokoneza, ena munkati ndi ukalamba ukundiyankhulitsa. Mwaona tsopano?

Atcheya akale: Zaka zonsezi anthu akhala akudzithandiza kuseri kwa msika, fungo kufika kumsewu, a khonsolo ali phee, ntchito kudula ziphaso basi. Lero ife tasonkha tokha kuti tichotse manyazi, ndi pomwe akumbukira kuti kuli malamulo? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tatsekula ife, iwo akubwera ndi loko.

Atcheya akale: Ndipo musapusitsidwe. Penti ameneyo tanthauzo lake ndi limodzi, munthuyo akufuna kangachepe.

Mayi a pamsika: Atcheya, pamenepo ndikanako. Ine ndinalipo dzulo. Sanabwere mwaukali ayi. Anapereka moni, kenako n'kutulutsa tepi m'chikwama. Anapempha mwana wanga kuti agwire nsonga pa mjigo, iye n'kumakoka mpaka pakamwa pa dzenje. Anayeza kawiri. Atatha anangopukusa mutu n'kunena kuti, amayi, apa ndi mamita 12 okha. Komanso si ulendo woyamba. Anabweranso dzenje likukumbidwa, anauza amisiri pakamwa kuti ayambe aima.

Mlembi: Anabwerapo kale? Nanga ife bwanji sitinamve?

Mmisiri: Ine ndinauza akomiti.

Mlembi: Akomiti ake ati? Inetu ndili mu komiti.

Mmisiri: Ndinauza Atcheya akale, poti ndiwo ankabwera pamalopo tsiku lililonse. Anati pitirizani, ndithana naye ndekha.

Atcheya akale: Inde ndinatero, nanga ndikanatani? Anyamata okumba tinali titawalipira kale. Ndiye munthu angobwera ndi pakamwa, opanda ngakhale kapepala, ife n'kutaya ndalama za gulu? Mamita 12, mamita 12. Kodi madzi amayenda ndi tepi?

Anamwino: Bambo, ndiloleni ndiyankhe limenelo chifukwa odwala ake amafikira kwa ife. Mlingo umene a zaumoyo amatsatira ndi wakuti chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30, ndipo pansi pa dzenje pakhale pamwamba pa madzi a m'nthaka ndi mita imodzi ndi theka. Zoipa za m'dzenje sizikhala pomwepo, zimasefukira m'dothi pang'onopang'ono. Dothi limasefa tizilombo, koma limafunika mtunda. Pakakhala mchenga ngati pamene paja zimayenda msanga, ndipo m'dzinja madzi a pansi amakwera kukakumana ndi dzenje. Komanso ichi si chimbudzi cha banja limodzi, ndi cha msika wonse. Kolera amalowera m'madzi oterewo, ndipo munthu wamkulu wamphamvu zake angathe kutha madzi m'thupi n'kutisiya tsiku lomwelo akachedwa kulandira chithandizo. Mjigo umenewo ndi umene amatungapo ana asukulu.

Atcheya akale: Mwana wanga, ife tinakula tikumwa madzi a pachitsime, chimbudzi chili apo, ndipo tilipo mpaka lero.

Anamwino: Muliko inu bambo. Amene sanapulumuke sali pagulu pano.

Mlamu wakunja: Ine za mamita ndamva. Funso langa ndi lina. Ndatsegula bajeti munatitumizira poyamba ija. Mzere wachitatu walembedwa kuti chilolezo cha khonsolo ndi kujambulitsa pulani. Ndalama imeneyo tinasonkha. Ndiye kalata ikunena bwanji kuti palibe pulani?

Mnyamata wa njinga: Yayamba.

Mlembi: Msungichuma, tithandizeni.

Mlembi: Msungichuma, mwawerenga, makhwatcha abiriwira.

Msungichuma: Ndinali pa ntchito, musandithamangitse ngati wakuba. Ndalama ya chilolezo inatuluka m'buku, ndipo amene analandira anasayina. Anati akapereka yekha chifukwa amadziwana ndi anthu kumeneko, zikayenda msanga. Lisiti ndakhala ndikufunsa mpaka ndatopa. Dzina sinditchula pano, mwiniwake akudzidziwa.

Atcheya akale: Tchulani! Mukuopa chiyani? Ndine ndinalandira. Ndinapita ku ofesi kawiri, ulendo woyamba akuti bwana ali ku msonkhano, wachiwiri akuti mafomu atha. Ndiye ndikanakhala nayo m'thumba mpaka liti, njerwa zikusowa pamalo? Ndinaguliramo njerwa ndi mchenga. Njerwazo ndi zomwe zili pakhomalo, pitani mukawerenge.

Msungichuma: Njerwa zinali ndi mzere wake m'bajeti.

Atcheya akale: Sizinakwane.

Mlamu wakunja: Ngati mmene mapaipi a mjigo sanakwanire?

Atcheya akale: Alamu, samalani pakamwa. Nkhani ya mjigo inatha.

Mlamu wakunja: Inatha liti? Tinasonkha ya mijigo iwiri, tinaona umodzi. Lipoti munati libwera pakatha maliro aja, mpaka lero.

Atcheya akale: Inu mumangotumiza ndalama pa foni muli pa mpando wofewa kunjako. Amene amapsa ndi dzuwa kuno ndi ndani? Amene anagona pamalo kulondera makina okumba masiku anayi ndi ndani? Munandipatsako ngakhale ya sopo? Pachiwiri paja anakumba n'kupeza thanthwe, ndalama inathera pomwepo, aliyense akudziwa. Lero ndasanduka wakuba chifukwa cha kamwana kamene ndinakaona kakuyenda opanda kabudula.

Aphunzitsi opuma: Abale, tiyeni tisiyanitse zinthu, chifukwa tikumenya mthenga. Mnyamatayu sapanga malamulo. Malamulo a khonsolo amakhazikitsidwa ndi makhansala, omwe timawasankha tokha, iye ntchito yake ndi kuyendera n'kuona ngati akutsatidwa. Ndipo ntchitoyo ili ndi ndondomeko yake. Amayamba n'kuchenjeza. Mukapanda kumva amalemba kalata yotchula chimene mwalakwa ndi nthawi yoti mukonze. Nthawiyo ikadutsa m'pamene pamabwera chindapusa, kapena nkhani kupita kukhoti, ndipo mapeto ake chomangacho chingathe kugwetsedwa. Ife tili pa sitepe yachiwiri. Chindapusa chenicheni chimalipiridwa ku ofesi ndipo chimakhala ndi lisiti. Wofuna chiphuphu salemba kalata yokhala ndi chidindo ndi dzina lake, chifukwa akatero nkhani yachoka m'manja mwake, yalowa m'faelo. Akanafuna kudya akanadya ulendo woyamba uja, pamene panalibe pepala.

Atcheya akale: Aphunzitsi, inu mumakhulupirira mapepala kwambiri.

Aphunzitsi opuma: Kusowa kwa pepala n'kumene kwatifikitsa pano.

Mnyamata wa njinga: Aphunzitsi mwalongosola bwino koma ine ndili ndi langa. Ngati malamulo ndi a tonse, bwanji nyumba yaikulu ija yamangidwa pamwamba pa ngalande ilibe penti? Mvula ikagwa madzi onse amathamangira m'mabenchi a amayi athu chifukwa cha nyumba imeneyo. Malo omwera aja amaliza nyimbo mpaka mbandakucha, pafupi ndi sukulu pomwe. Ife tikangoimika njinga pakona, tsiku lomwelo atilanda. Tepi yake imayeza osauka okha?

Mayi a pamsika: Apo wanena zoona mwana iwe. Ngalande ija yatizunza.

Atcheya akale: Mwamva? Mwamva? Si ine ndekha. Ndipo mbuzi zanga zitatu anazitsekera masiku awiri, ati zikuyendayenda mumsika. Mbuzi za ena zimagona pakhonde la ofesi yawo yomweyo, sazigwira.

Mayi a pamsika: Mbuzi zanuzo Atcheya zinandidyera katundu benchi lonse, ndipo amene anakadandaula ndine. Munati mudzandilipira. Ndikudikirabe.

Atcheya akale: Munali inu?

Mayi a pamsika: Ndinali ine, ndipo zikabweranso ndikanenanso.

Mnyamata wa njinga: Kkkkkk

Mlembi: Chonde, za mbuzi mukambirane kumbali.

Atcheya akale: Ayi, zikugwirizana. Zikuonetsa kuti pali anthu pagulu pano amene amadya nafe masana, usiku n'kumakanong'oneza ku khonsolo. Ndani akudziwa amene anamuitana kuti adzayeze dzenje?

Azakhali: Ndakhala chete kuyambira m'mawa chifukwa amene mukumunenayo ndi mwana wa mchimwene wanga, ndipo ndinadziwa kuti ndikayankhula muti ndikuikira kumbuyo magazi. Koma mawu oti kamwana ndi oti chiphuphu andipweteka. Palibe anamuitana. Amadutsa pamenepo tsiku lililonse. Dzulo usiku anabwera kwathu, anakhala pakhonde osavula n'nsapato zomwe, penti akadali m'zala. Anati azakhali, ndikudziwa kuti mawa dzina langa linunkha, koma ndikasiya, mwana wina n'kudwala ndi madzi amenewo, adzafunsa kuti woyendera anali kuti. Ndalama yake iyenso ili m'khomalo, anasonkha kudzera mwa ine chifukwa sankafuna dzina lake lioneke pa mndandanda. Msungichuma angachitire umboni.

Msungichuma: Zoona, inabwera m'dzina la azakhali kawiri.

Azakhali: Za nyumba ya pangalande, iwe wa njinga, usaganize kuti sanalembe. Analemba, kalata inakwera kwa akuluakulu, sinatsikenso. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Iye mphamvu yake imathera pa kulemba. Zimamupweteka kuposa iwe, chifukwa wotukwanidwa pamsewu ndi iyeyo, osati amene anakhalira faelo.

Mnyamata wa njinga: Pepani azakhali. Komabe njinga yanga analanda.

Azakhali: Unaimika pakhomo la chipatala.

Atcheya akale: Mayi, ine mwanayo sindimuda. Koma mwana wa kwathu akanabwera kunyumba, n'kukhala pansi, n'kunena kuti agogo pali vuto ili. Osati kupaka penti poyera ngati tikumanga shabini. Ulemu unapita kuti?

Mmisiri: Anabwera kunyumba kwanu Atcheya. Ndinamuperekeza ndine. Munamuuza kuti mukupuma.

Atcheya akale: Iwe umange makoma, za akuluakulu uzisiye.

Mmisiri: Chabwino, ndinene za makoma. Njira ndikuona ziwiri. Yoyamba, tikwirire dzenje, tikakumbe kumunsi kuseri kwa mabenchi omaliza, kumene kuli kotsika kuposa mjigo ndipo mtunda ukukwana. Zitseko, malata ndi njerwa zambiri tipulumutsa, koma silabu yapita. Yachiwiri, tisiye nyumbayo pomwe ili, dzenje tilimange ndi simenti pansi ndi m'mbali kuti lisatulutse kanthu, likadzaza tizipopa. Koma imeneyo imadya simenti yambiri, kupopa n'kolipira nthawi zonse, ndipo likangong'aluka tabwerera pomwe tili. Ndiponso a khonsolo ayenera kuvomereza kaye pa pulani.

Anamwino: Ine ndili pa yoyamba.

Mlamu wakunja: Ine sinditumizanso kalikonse mpaka ndione malisiti a njerwa ndi lipoti la mjigo. Ndanena poyera kuti pasakhale wodabwa.

Atcheya akale: Musatumize. Gululi linayamba inu musanakwatire kwathu kuno.

Aphunzitsi opuma: Atcheya, mawu amenewo bwezani.

Atcheya akale: Sindibweza. Ndipo kumunsi mukunenako ndi kumene amayi ogulitsa makala amakhala, mukawachotsa ndinu? Mukuganiza kuti malo aja ndinasankha ndili mtulo? Ndinayenda msika wonse ndi mapazi angawa. Aliyense ankakana kuti chimbudzi chisayandikire benchi lake. Pamene paja ndi pokhapo panalibe wokana.

Mayi a pamsika: Panalibe wokana chifukwa mjigo suyankhula.

Mlamu wakunja watuluka pagulu.

Mlembi: Taonani tsopano.

Msungichuma: Ndimubweza madzulo, amatero nthawi zonse.

Mlembi: Abale, kalata ikufuna anthu ku ofesi. Ndikupempha atatu: mmisiri, mmodzi wa komiti, ndi wina. Tikafunse ngati angatithandize kuyeza malo atsopano tisanakumbe, komanso kuti pulani imafuna chiyani. Ndani apite?

Aphunzitsi opuma: Ine ndingapite Lachinayi. Koma tikapita ndi ndalama iti ya chilolezo?

Msungichuma: M'buku mulibe.

Atcheya akale: Ine ndipita ndekha mawa. Ndikaonana ndi bwana wake, osati iyeyo. Anthu amenewo ndimawadziwa.

Msungichuma: Ndi mawu omwewa munanena ulendo watha.

Atcheya akale: Ndipo pa msonkhano ukubwerawu ndibweretsa buku la mjigo, muone nokha, kuti amene mwanditcha wakuba mundipepese pamaso pa anthu. Masamba ena anadyedwa ndi chiswe koma ambiri akuwerengeka.

Mnyamata wa njinga: Chiswe chinadziwa masamba oyenera kudya.

Mlembi: Iwe, chotsa uthenga umenewo.

Mmisiri: Ndiye simenti ija nditani nayo? Kumwamba kwayamba kuda.

Mlembi: Funso langa silinayankhidwe. Lachinayi apita ndani ndi aphunzitsi? Masiku atsala 20.

Atcheya akale: Mayi a pamsika, mbuzi zija zinali ziwiri zokha zimene zinafika pa benchi lanu. Yachitatu inali kunja.