Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku London pandege ndi maola angati kwenikweni?

Moni nonse abale ndi alongo, ndikhulupirira muli bwino.

Ndathedwa nzeru, chonde ndithandizeni. Mayi anga akubwera kuno ku London mu Disembala kudzaona mdzukulu wawo, ndipo aka n'koyamba kukwera ndege. Adzakwerera pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, n'kusintha ndege pa Bole ku Addis Ababa, kenako kudzatera pa Heathrow. Vuto n'lakuti ali ndi matenda a shuga, amadzibaya jakisoni panthawi yake, ndiye adokotala awo akufuna kudziwa maola enieni a ulendo wonse kuti awakonzere ndondomeko ya mankhwala.

Ndayesa kuwerengetsa ndekha kuchokera pa tikiti, koma masamu akundizunguza mutu. Nthawi yofikira yolembedwapo ndi ya komwe ndege ikukatera, pomwe Addis Ababa ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, London nayo mu Disembala imatsalira m'mbuyo mwa Malawi ndi maola awiri. Pa intaneti ndapeza kuti Lilongwe ndi Addis zatalikirana makilomita pafupifupi 2,600, Addis ndi London pafupifupi 5,900, koma za maola aliyense akunena zake. Amene anatigulitsa tikiti ndamuimbira katatu, foni ikungoitana. Mayi eni akewo ndikawafunsa akungoti "tikafika basi mwananga", pomwe ine tulo sindikupeza.

Amene mwadutsa njira imeneyi posachedwa, m'mwamba munakhala maola angati mbali iliyonse, nanga pa Bole munadikira nthawi yaitali bwanji? Ndege yanu inayamba yatera kwina musanafike ku Addis? Komanso jakisoni ndi mankhwala ake anakulolani kulowa nazo m'chikwama cha m'manja?