Gulu la banja: za kamera ya pakhomo pa amayi

Achemwali (Leeds, ku England): Mwadzuka bwanji nonse. Usiku wathawu foni yanga yakhala ikulira kuti pakhomo pa amayi pali munthu. Ndili pa ntchito, mtima uli phaphapha, kutsegula ndikupeza ndi galu wathu Bulaki akununkhiza chitseko. Zikapitirira chonchi tonse tizimitsa mauthengawa, ndiye tsiku lodzabwera wakuba weniweni palibe adzayang'ane.

Achimwene (Joni): Kunonso chimodzimodzi. Mlamu wanu wayamba kudandaula kuti sakugona.

Amalume: Nkhani yake ndi yosavuta. Galuyo azimangidwa kuseri usiku.

Amayi: Ayi achimwene, Bulaki samangidwa. Chimwalirireni bambo a anawa, amene amagona pakhonde ndi iyeyu. Kamerayo siuwa.

Amalume: Ndamva alongo, ndabweza mawu.

Mzime: Amayi akunena zoona, vuto si galu. Kamerayi ili m'kabelu ka pachitseko, ndipo kabeluko kali ndi kachipangizo komva kutentha kwa thupi likamayenda. Thupi la galu limatentha madigiri 38 mpaka 39, kuposa la munthu, ndiye akangodutsa kamera imadzuka. Ikadzuka, pulogalamu yake imayang'ana chithunzi n'kuganizira ngati ndi munthu kapena ayi. Masana imayesetsa. Usiku imagwiritsa ntchito infrared, kuwala kosaoneka ndi maso, chithunzi chimakhala chakuda ndi choyera, ndipo Bulaki akaimirira ndi miyendo yakumbuyo kukanda chitseko, imamuyesa munthu.

Achimwene (Joni): Nanga Lachitatu lija? Pa vidiyo panalibe galu, panalibe munthu.

Mzime: Tandaude, achimwene. Tizilombo timakonda kuzungulira pa kamera usiku, kangaude n'kumanga pomwepo. Mphepo ikawomba, ulusiwo umawala ngati chinthu chachikulu. Kupukuta ndi kansalu kofewa kamodzi pa sabata kukwanira.

Mlamu: Inenso ndinaona kuti anaiika m'munsi kwambiri. Ili cha m'chiuno mwanga, komanso yaweramira pa masitepe pomwe galu amagona.

Mzime: Eya mlamu, pamenepo ndiye pagona nkhani. Mabelu ambiri otere amati aziikidwa pa mita 1.2 kuchokera pansi. Tiikweze. Kenako mu app muli pojambula malire a malo oti iziyang'anira. Tichotsemo pansi pa khonde, tichotsemonso msewu chifukwa a kabaza akamadutsa imaliranso, tisiye kanjira kochokera pageti basi. Tichepetsekonso sensitivity, mphamvu yake yomvera zinthu zoyenda, koma pang'ono pokha. Tikachepetsa kwambiri, munthu adzafika pachitseko iyo ili duu.

Azakhali: Ine zanu za makinazi sindizimva. Funso langa ndi limodzi: ikalira 2 koloko usiku ndipo ndi munthudi, amene akuthamangira kwa amayi anuwa ndani? Wa ku Leeds?

Achemwali (Leeds): Azakhali mwafunsa zenizeni. Ine ndikhoza kumayang'ana masiku amene ndili pa ntchito ya usiku. Nyengo ino tili kumbuyo ndi maola awiri, 2 koloko yanu ndi 12 kuno, ndimakhala ndili maso. Koma ndikaona munthu ndiimbira ndani?

Mlamu: Muziimbira ine, ndili pafupi. Ndikambanso ndi a neba komanso anyamata a chitetezo cha m'dera, manambala awo ndiika pano.

Amayi: A nebawo muwauze bwinobwino kuti kamera sikuyang'ana pakhomo pawo. Anandifunsa kutchalitchi, ndinasowa choyankha.

Mzime: Ndikadzajambula malire aja ndidzawaitana aone okha pa foni. Mulinso pobisa mbali ina ya chithunzi, ya kwawoyo tidzaiphimba.

Achimwene (Joni): Nanga zoti izilira pakakhala munthu yekha, tinayatsa?

Achemwali (Leeds): Makampani ena amafuna kulipira mwezi ndi mwezi kuti zimenezo zigwire. Ndiona yathuyi madzulo. Ngati ndi choncho ndizilipira ine, inu muthandize za bandulo. Kulira kulikonse kukudya data komanso batire, n'chifukwa chake amayi akuchaja pafupipafupi.

Achimwene (Joni): Bandulo ndi yanga. Ndiwonjezeranso ya kabatire ka rauta, kachipangizo kopereka Wi-Fi, chifukwa magetsi akathima Wi-Fi imathima, kamera n'kukhala chidole. Mzime, ndifunsire mtengo m'tauni mawa, nditumiza pa Airtel Money.

Amalume: Drilu ndili nayo. Loweruka 9 koloko ndidzakhala ndafika.

Mzime: Zikomo amalume. Tikadzamaliza tidzayese: mlamu adzalowe pageti, kenako timuitane Bulaki pakhonde. Tidzabwerezenso kukada, poti vuto lenileni ndi la usiku. Achemwali ndi achimwene, mudzatiuze zomwe mafoni anu adzanene.

Azakhali: Ndiye mugona konko?

Amayi: Agona konkuno. Mlamu abwere ndi ana, ndiphika nkhwani wotendera.

Mlamu: Tibwera amayi. Makwerero alipo kapena nditenge anga?

Amayi: Tengani anu, akunowa anathyoka.