Amuna anga sagona akamva fungo la utsi, chichokereni ku Knysna

Nangozo wa ku Ntcheu:

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani ya bambo a kunyumba kwanga, mundigawireko nzeru.

Iwowa anali ku Joni, ku Knysna, komwe ankasamalira kapinga ndi maluwa pa nyumba ina. Pa 7 June 2017 kunabuka moto wolusa uja, chimphepo chotentha chikuwomba kuchokera kumapiri, kutakhalanso chilala. Anthu pafupifupi 10,000 anathawa m'nyumba zawo ndipo 7 anamwalira. Bambowa anathawira kumadzi ndi zovala za m'thupi zokha. Kanyumba kawo ka kuseri kwa abwana kanapsa, pamodzi ndi pasipoti komanso ndalama zomwe ankasunga m'chitini kuti adzagule malata.

Anabwera kumudzi alibe ndi chipsera chomwe. Koma chaka chilichonse ikafika August, anyamata akayamba kutentha tchire posaka mbewa, pakhomo pano pamavuta. Akangomva fungo la utsi amasiya mbamu ya nsima m'mbale, n'kutuluka panja kukaona kumene mphepo ikulowera. Usiku amadzidzimuka thukuta lili kamukamu, kudzaza madzi m'ndowa zonse n'kuzindandalika pakhomo. Nsapato amagona nazo kumutu. Sabata yatha anakalipira mwana wathu chifukwa choyatsa zinyalala kudzala, mpaka mwana anakagona kwa agogo ake. Ayambanso kumwa kachasu, ati kuti tulo tibwere.

Apongozi akuti anawalodza ku Joni. Eni ake ndikawafunsa amangoti "zinapita zimenezo." Kodi zimachizika patapita zaka zonsezi? Ndiyambire pati?

Namwino wa ku Zomba:

Pepani mayi, mwasenza katundu wolemera. Munthu sitingamupime pa intaneti, koma zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi vuto la maganizo lobwera munthu akakumana ndi zoopsa, lomwe kuchipatala timati PTSD. Pafupifupi aliyense amene wapulumuka ngozi amachita mantha ndi kulota zoipa masiku oyamba, ndipo ambiri zimatha zokha. Zikapitirira mwezi n'kumasokoneza tulo, ntchito ndi banja, pamafunika thandizo. Thupi la bambowo likamva utsi limachita ngati akadali pakati pa moto, n'chifukwa chake kuwauza kuti "limbani mtima" sikuphula kanthu. Sakuchitira dala.

Inde, zimachizika, ngakhale papite zaka zambiri. Chithandizo chenicheni ndi uphungu: munthu wophunzitsidwa amakhala nawo maulendo angapo, kuwathandiza kufotokoza za tsikulo pang'onopang'ono mpaka nkhaniyo itasiya kuwagwira pakhosi. Ena amapatsidwanso mankhwala, makamaka ngati pali kukhumudwa kwakukulu. Chonde musawagulire mapiritsi ogonetsa ngati diazepam. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaletsa kuthamangira mankhwala amenewa kwa munthu amene wakumana ndi zoopsa, ndipo akaphatikizana ndi mowa ndi oopsa zedi. Kachasuyonso amagonetsa msanga koma amadula tulo pakati pa usiku.

Yambirani ku chipatala cha boma lanu, mufunse namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Kuli Zomba Mental Hospital, kulinso St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Koma akangonena zoti moyo wawakwana kapena ndi bwino kufa, musadikire kuti kuche, pitani nawo tsiku lomwelo.

Mjoni wakale:

Mlamu, ine ndinali ku Plettenberg Bay sabata imeneyo, mtunda wochepa kuchoka ku Knysna. Masana kunada ngati madzulo, phulusa likugwera m'maso, msewu wa N2 utatsekedwa. Chomwe sindiiwala ndi phokoso la mitengo ya paini ikamayaka.

Anamwino anena zoona, koma ndiwonjezepo ngati mwamuna mnzawo. Mukangotchula Zomba, adzamva kuti mukuwanena kuti ndi amisala, ndipo nkhani idzathera pomwepo. Yambani ndi tulo. Nenani kuti "bambo, simukugona, tiyeni tikaonane ndi adokotala." Pamenepo palibe manyazi.

China, si moto wokha umene ukuwadya. Munthu anapita ku Joni kuti akamange nyumba ya malata, wabwerako chimanjamanja, anzake a msinkhu wake akuyenda pa njinga zamoto. Chitini chija chimawawa kuposa mmene mukuganizira. Ambiri a ife sitinapite n'komwe kokalandira uphungu nthawi imeneyo, poti wopanda mapepala amaopa malo aliwonse olembetsa dzina.

Ine chinandimasula pakamwa n'kukhala ndi mnzanga amene analiko. Sitinkakhala pansi kuti tikambe za moto ayi, tinkangokonza njinga, nkhani n'kumatuluka yokha. Ngati kumudzi kwanuko alipo wina wochokera dera limenelo, muwakumanitse. Komanso ndowazo musawaseke nazo. Lambulani nawo limodzi kuzungulira nyumba ndi nkhokwe July asanathe, udzu ukhale kutali. Mantha awo ali ndi pogwira, moto wa tchire umatenthadi nyumba kwathu kuno.

Mayi a Mvano:

Za apongozi musalimbane nawo, nawonso akufuna mwana wawo achire. Auzeni kuti mapemphero tipanga, kuchipatalanso tipita. Ngati bambowo amagwirizana ndi abusa kapena mkulu wa mpingo, mupempheni adzawaperekeze. Inunso mupeze wokhuthulira zakukhosi, mlongo wanga, chifukwa nanunso simukugona.

Nangozo wa ku Ntcheu:

Zikomo nonse. Za chitinizo mwandikhudza, alamu, poti mpaka lero akadutsa pogulitsa malata amayang'ana kumbali. Funso lina kwa anamwino: mwanayu ndimuuze chiyani? Ali Sitandade 4, panopa akumawazemba bambo ake.

Namwino wa ku Zomba:

Muuzeni zoona mwachidule: bambo anapulumuka moto waukulu ali kutali, utsi umawakumbutsa, ndipo iye sanalakwe. Ana akapanda kuuzidwa amadziimba okha mlandu. Bambowo tsiku lomwe ali bwino, asanamwe, muwapemphe amuitane mwanayo amupepese ndi pakamwa pawo. Mukamapita kuchipatala mutenge buku lawo la kuchipatala, ndipo za kachasuzo mukanene osabisa, chifukwa munthu amene wakhala akumwa tsiku ndi tsiku safunika kusiya mwadzidzidzi popanda dokotala kumuona.